Khobidi lamkuwa la 1797 lofufutika: ndingadziwe bwanji ngati ndi lenileni?

Wa ku Coventry:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za ndalama zakale. Loweruka lapitali ndinagula khobidi lamkuwa lalikulu pa msika wa zinthu zakale kuno ku England. Mbali imodzi kuli mutu wa mfumu ndi zilembo zoti GEORGIUS III, ndipo mbali inayo kuli mayi atakhala pansi, mawu oti BRITANNIA ndi chaka cha 1797. Khobidili ndi lofufutika kwambiri moti tsitsi la mfumuyo silikuonekanso, ndipo zilembo zake ndi zolowa m'kati mwa mkombero, zomwe zandichititsa kukayikira. Pa sikelo ya kukhitchini likulemera magalamu 27.

Wosunga zakale:
Bambo, zilembo zolowa m'katizo zisakudetseni nkhawa, chifukwa ndi mmene khobidi limeneli linapangidwira. Angerezi amalitcha cartwheel chifukwa cha mkombero wake waukulu wonga wa gudumu la ngolo, ndipo anadinda ndi Matthew Boulton ku fakitale yodinda ndalama ya Soho Mint, pafupi ndi Birmingham, pa makina oyendera nthunzi. Cholinga chinali choti mkuwa wa m'khobidimo ukhale wofanana ndi mtengo wake kuti opanga ndalama zachinyengo, amene anali atachuluka nthawiyo, asapezepo phindu. N'chifukwa chake peni imodzi inkalemera magalamu 28.35, mulifupi mwake mamilimita 36, pomwe ya mapeni awiri inkalemera magalamu 56.7, mamilimita 41. Khobidi loyenda m'manja mwa anthu zaka zambiri limataya galamu imodzi kapena awiri, choncho 27 yanuyo ndi yomveka, ngakhale ndikadakonda mukayezetsenso pa sikelo ya osula mphete, poti yakukhitchini imanama pa zinthu zing'onozing'ono.

Mayi wa ku Leeds:
Ndionjezereko pa zimene anena bambo apamwambapa. Makobidi abodza ambiri amapangidwa pothira chitsulo chosungunula m'chikombole, ndipo ntchito yotere imasiya zizindikiro zimene kufufutika sikubisa. Liimikeni khobidilo chammbali pa kuwala kwa dzuwa, mulizungulitse pang'onopang'ono, muone ngati pali kamzere konga msoko pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Kenako yang'anani pamalo osalala kumbuyo kwa mutu wa mfumu ndi galasi lokulitsa. Lothiridwa m'chikombole limakhala ndi timabowo tozungulira kapena timatuza, ndipo paliponse pamaoneka pofota mofanana, pomwe lenileni limatha pamalo otukuka okha, monga tsaya la mfumu ndi bondo la Britannia, mayi wokhala pansi uja, m'makona mukadali mwakuthwa. Pansi pa chishango chimene chili pambali pa mayiyo fufuzani mawu ang'onoang'ono oti SOHO, ngakhale pa lofufutika kwambiri akhoza kusaoneka. Maginito asaligwire m'pang'ono pomwe.

Ndikupemphaninso ndi mtima wonse kuti musalikwechese ndi phulusa, mandimu kapena mankhwala opukutira ziwiya. Ine ndinalakwitsa motero pa khobidi langa loyamba, ndipo mtundu wake wakuda wa zaka zoposa 200 unachoka m'mphindi zochepa, n'kutsala kufiira kosasangalatsa komwe mpaka lero kumandiwawa ndikakuona.

Wa ku Coventry:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndayeza mulifupi ndipo ndapeza mamilimita 36, msoko palibe, maginito sakuligwira, ndipo zilembo ziwiri zoyamba za SOHO zikuoneka ndikapendeketsa khobidilo. Ndinali nditadula kale ndimu, koma ndalibwezera m'mbale. Mawa ndikayezetsa kwa osula mphete ndipo ndidzakuuzani zotsatira.