Gulu la a ku Kasungu kunja: pepala la magazi la madala

Wa ku Santhe, Cape Town: Abale, kumudzi anditumizira pepala la bambo, a zaka 67. Palembedwa PSA 6.2. Mlongo wanga wayamba kale kulira kuti ndi khansa. Alipo amazidziwa izi?

Wa ku Chamama, Leeds: Achimwene, auzeni achemwaliwo apukute kaye misozi. Ine kuno ndimasamalira okalamba, mapepalawa ndimawaona. PSA ndi chinthu chimene amayeza m'magazi, imachokera ku prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo. Ambiri amangodziwa malire a 4, koma nambalayi imakwera yokha munthu akamakula. Kuno wa zaka 60 mpaka 69 amamutumiza kwa katswiri ikapitirira 4.5, wa zaka 70 mpaka 79 ikapitirira 6.5. Ya bambowo yakweradi, tisanamizane. Koma mwa amuna anayi amene PSA yawo yakwera, pafupifupi atatu sapezeka ndi khansa.

Wa ku Santhe: Nanga yakwera chifukwa chani?

Wa ku Chamama: Mwina prostate yangokula ndi ukalamba, mwina ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Afunseni ngati kukuotcha potaya madzi. Ngati ndi choncho, alandire kaye mankhwala, papite milungu 6, akayezetsenso. Ndipo kukatsala masiku awiri kuti ayezetse, asapalase njinga mtunda wautali, asakhalenso malo amodzi ndi mayi.

Wa ku Nkhamenya, Joni: Kkkk zomalizazo akawauze ndani madala?

Wa ku Santhe: Za njinga ndinena ndekha, ndi imene anapitira kuchipatalako. Zinazo ndituma amalume.

Wa ku Mtunthama, Durban: Mufunsenso ngati akumwa finasteride, mankhwala a prostate yokula. Mankhwala amenewo amatsitsa PSA pafupifupi ndi theka, ndiye dokotala adziwe. Chimene chimandinyansa ine ndi aja ogulitsa zitsamba pa Facebook, ati zotsuka prostate. Ndalama zimenezo sungani ya basi, mwina awatumiza ku Kamuzu Central. PSA ikakwerabe, adokotala amapima ndi chala kumbuyo, madala asakane. Khansa imatsimikizika pokhapokha atachotsa kanyama n'kukakayeza.

Wa ku Nkhamenya: Ine yanga inatuluka 1.1, ndiye ndapulumuka eti?

Wa ku Chamama: Ili bwino achimwene, koma ena amakhala nayo khansa PSA ili pansi. Anthu akudafe imatigwira kwambiri kuposa azungu, makamaka ngati bambo kapena mchimwene wako anadwalapo. Inunso a ku Santhe, mukakwana 45 kacheze ndi dokotala. China: mkodzo ukangotsekeka osatuluka, musadikire kuti kuche, athamangire nawo kuchipatala cha boma ku Kasungu.

Wa ku Santhe: Zikomo achemwali. Nditumiza ya transipoti pa Mukuru Lachisanu, njingayo aiyike kaye m'nyumba.