Malipoti a pa doko abwezedwa: gulu la aphunzitsi a m'makoleji a kuno kunyanja

Madamu a Communication Skills, Mangochi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa Chingerezi ophunzira a za usodzi a chaka chachiwiri. Anawa MSCE anakhoza bwino, ndipo mukawapatsa essay ya ubwino ndi kuipa kwa Facebook amadzaza masamba osapuma. Koma abwerako ku attachment, ndipo amene ankawayang'anira kumeneko wandibwezera malipoti onse, akuti palibe limene angagwiritse ntchito. Ndawerenga, munthuyo sakunama. Lipoti likuyamba ndi ndime yathunthu yotamanda kukongola kwa Nyanja ya Malawi, kenako "the fishermen are very careless and they are destroying our lake." Deti palibe. Dzina la doko ndakalipeza pakati pa tsamba lachiwiri. Usipa umene unagwidwa akuti "many buckets." Silabasi yanga ili ndi galamala, summary, kalata yofunsira ntchito ndi essay. Kwatsala masabata 6 kuti semesita ithe. Ndiyambire pati?

Sala wa sayansi ya nsomba:
Madamu, vuto linachokera kumunsi. Lamulo la maphunziro la 2013 linati ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, koma mwana wa ku Makanjira kunyumba amayankhula Chiyao, pabwalo la sukulu Chichewa, Chingerezi amangochiona pa bolodi. Ife tikungolandira zotsatira.

Mphunzitsi wopuma, Namwera:
Sala, zimenezo n'zoona koma sizimuthandiza mnzathuyu pa masabata 6. Komanso onani bwino chiganizo wachionetsacho. Galamala yake ilibe banga. Mwanayo Chingerezi akuchidziwa, chimene sakudziwa ndi choti lipoti amalembera ndani ndiponso woliwerengayo akufuna kuchita nalo chiyani. Kuyambira Fomu 1 wakhala akulembera munthu mmodzi yekha, wochonga mayeso, amene amasangalala ndi mawu oyamba okoma ndi maganizo a wolemba. Ndiye akupereka chimene anazolowera kulandira nacho malikisi.

Madamu, Lolemba musayambe ndi kalasi. Yambani ndi kufufuza zimene anawa adzalembe akadzayamba ntchito, chimene a ESP, ophunzitsa Chingerezi chogwirizana ndi ntchito ya munthu, amati needs analysis. Sizifuna ndalama kapena kwesheneya ya masamba khumi. Pezani anthu amene akugwira ntchitoyo lero, muwafunse kuti mwezi wathawu mwalemba chiyani, ndipo amene anakubwezerani pepala anadandaula chiyani. Mupemphe mapepala enieniwo, mayina a anthu afufutidwe. Muno tili naye mlangizi wa ku Malombe, ayankhule yekha.

Mlangizi wa usodzi, Malombe:
Zikomo akulu. Ine essay sindinalembepo chichokereni ku koleji. Zimene ndimalemba ndi fomu ya nsomba zimene zafika pa doko, lipoti la pa mwezi, maminitsi a komiti ya pa doko, ndi lipoti la kulanda ukonde wosaloledwa. Lomalizali ndi limene limandisowetsa tulo, chifukwa pansi pa lamulo la za usodzi la 1997 nkhani itha kukafika kukhoti, ndipo kumeneko pepala lako amaliwerenga liwu ndi liwu. Ukalemba kuti msodzi anali wosasamala akufunsa kuti kusasamalako unakuyeza ndi chiyani. Ukalemba kuti unapeza neti ya udzudzu yosokereredwa ku thumba la khoka, tsiku lakuti, ola lakuti, pamaso pa wapampando wa komiti, palibe angakugwedeze.

Ndiye Madamu, mukangowaphunzitsa chinthu chimodzi, chikhale ichi: asiyanitse zimene anaona ndi maso, zimene anauzidwa, ndi zimene akuganiza iwowo. Mwana wanuyo zonse zitatu waziphika mumphika umodzi. Msodzi akakuuza kuti chambo chinatha, umalemba kuti asodzi anena choncho. Iwe zimene waona ndi zoti m'mabwato amene unayendera munali kambuzi yekhayekha. Zoti mwina n'chifukwa cha ukonde wa nkacha, zimenezo ndi maganizo ako, zimapita kumapeto ndipo umazilemba mosatsimikiza.

China, makomiti a pa doko anayambira kwathu kuno ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993, chambo chitachepa kwambiri, ndipo mpaka lero msonkhano umachitika m'Chiyao ndi Chichewa koma maminitsi opita ku ofesi ya boma amafuna Chingerezi. Amfumu atha kuyankhula mphindi makumi awiri, miyambi ili mbwee, iwe utulutsemo mizere itatu: chagwirizanidwa n'chiyani, achite ndani, pofika liti. Ntchito imeneyi palibe anandiphunzitsa.

Madamu a Communication Skills, Mangochi:
Achimwene, mwanditsegula maso, makamaka za maminitsi. Nanga "many buckets" ija inu mumaithetsa bwanji? Pa doko sagulitsa ndi sikelo.

Mlangizi wa usodzi, Malombe:
Sagulitsa ndi sikelo, koma ife timayenda nayo. Umayeza chidebe chimodzi chodzaza, n'kuwerenga zidebe zonse, n'kulemba makilogalamu, ndipo umanena kuti unayeza chimodzi, zinazo unangochulukitsa. Unenenso ngati nsombayo inali yaiwisi kapena youma pa thandala, chifukwa kulemera kumasiyana kutali.

Sala wa sayansi ya nsomba:
Powonjezera, awaphunzitse mayina. Usipa ndi Engraulicypris sardella, kampango ndi Bagrus meridionalis, chambo chili m'gulu la Oreochromis ndipo si mtundu umodzi. Liwu loyamba chilembo chachikulu, lachiwiri chaching'ono. Koma asamasulire mayina a maukonde monga chilimira ndi nkacha, kapena usipa, kuti zimveke za Chingerezi. Malipoti a ofufuza a ku Monkey Bay amalemba choncho, chilimira ndi chilimira basi. Ine ndikanakonda muwapatsenso Academic Word List ija ya Averil Coxhead ya mu 2000, ili ndi magulu a mawu 570. Aloweze.

Mphunzitsi wopuma, Namwera:
Mndandandawo ndi wabwino powerenga mabuku a ku yunivesite, sindikuutsutsa. Koma kuloweza mawu 570 kutha masabata onse, lipoti likhale lomwe lija, longovala mawu aakulu. Mawu amene Madamu akufunika atuluka okha m'mapepala a mlangiziyu, ndipo ndi ochepa: observed, measured, recorded pa zimene waona, reported, stated, according to pa zimene wauzidwa, may, suggests, is likely pa zimene ukuganiza. Galamala imene ili pa silabasi ilowere pomwepo. Past tense ndi passive pofotokoza mmene unayezera, reported speech pa maminitsi. Mwana akaona kuti reported speech ndi imene ingamupulumutse pamaso pa majisitireti, saiwalanso.

Sisitala wophunzitsa anamwino:
Kwathunso n'chimodzimodzi. Wodwala amafotokoza m'Chiyao, namwino amalemba m'buku la kuchipatala m'Chingerezi, ndipo zimene wodwala wanena siziphatikizidwa ndi zimene namwino wapeza pomuyeza. Ine ndimachita sewero m'kalasi: wina akhale wodwala, ayankhule chiyankhulo chake, anzake alembe. Madamu chitani zomwezo, wina akhale siginala, wotsogolera asodzi a chilimira ndi nyali, amene wabwera chimanjamanja chifukwa mwezi ukuwala, wina mwini ukonde amene akuloza chala mwera.

Madamu a Communication Skills, Mangochi:
Sisitala, ndi pamene ndikuopa. Kwathu amati m'kalasi ya Chingerezi musamveke chiyankhulo china. Komanso silabasi inavomerezedwa kale, sindingaisinthe ndekha, ndipo mayeso amakawaunika ena.

Mphunzitsi wopuma, Namwera:
Silabasi musaikhudze. Pamene palembedwa summary, ndani ananena kuti ikhale ya ndime ya m'buku? Ikhale ya msonkhano wa pa doko. Pamene palembedwa kalata, ikhale yopita kwa mkulu wa za usodzi pa boma yonena za maukonde a maso ang'onoang'ono nthawi yotseka nyanja. Mitu ndi yomweyo, mwangosintha zolembazo. Za chiyankhulo, kambiranani ndi mkulu wa dipatimenti musanayambe, mumuonetse malipoti obwezedwawo pambali pa fomu yeniyeni. Chimene chikuchongedwa ndi Chingerezi cholembedwa, Chiyaocho ndi katundu wongolowa, monga zidzakhalire ku ntchito. Ine sindinaonepo mkulu wokana ataona umboni wotere.

Pochonga musakhale nokha. Inu simungadziwe ngati makilogalamu alembedwawo ndi otheka pa bwato limodzi, Sala sangapirire kuchonga ma tense. Gawanani pepala limodzi, aliyense mbali yake. Ndipo malipoti obwezedwawo musawataye, abwezereni eni ake alembenso tsamba limodzi lokha, deti ndi doko zili pamwamba.

Sala wa sayansi ya nsomba:
Kuchonga ndivomera, bola likhaledi tsamba limodzi. Za mndandanda wa mawu sindinagonje, tidzakambirana semesita ya mawa.

Madamu a Communication Skills, Mangochi:
Zikomo nonse. Achimwene a ku Malombe, nditumizireni mafomuwo ku inbox, opanda mayina. Kodi ndingabwere ndi kalasi pa doko kuti alembe zimene aona okha?

Mlangizi wa usodzi, Malombe:
Bwerani, koma ndiyambe ndadziwitsa amfumu ndi wapampando wa komiti, asaone ngati mwabwera kudzalanda maukonde. Musasankhe Lachisanu, anthu amakhala akukonzekera kumzikiti. Ngati mukufuna usipa, pitani madoko a kunyanja yaikulu monga Msaka, mwezi uli mumdima, ndipo mufike kusanache chifukwa dzuwa likamatuluka amalonda amakhala atagawana kale. Muwagawe awiriawiri, wina azifunsa wina azilemba, ndipo asajambule munthu asanapemphe. Sikelo ndibwereketsa ine. Mafomu nditumiza madzulo ano netiweki ikabwerera.