Zija ndinafunsa za timitsempha ta kuzikhadabo

Paja ndinafunsa ngati capillaroscopy, kuyeza timitsempha ta patsinde pa zikhadabo kuja, imasiyana kwa amuna ndi akazi, poti ine ndi achimwene tonse zala zimatuwa kukazizira, ati Raynaud. Tapita kukayezetsa tsopano. Kayezedwe nkamodzimodzi, adokotala amadontheza mafuta pachala nkuyang'ana pa maikulosikopu, zala 8 kupatula zazikuluzi, kufuna timitsempha totupa, totaya magazi kapena tosowa, zomwe zimaloza ku scleroderma, matenda olimbitsa khungu. Kusiyana kuli poti matendawa amakonda akazi koma akagwira mwamuna nthawi zambiri amavuta heve, mpaka mapapo ndi mtima. Zanga zili bwinobwino. Achimwene ndi kalipentala ndiye timabala ta kuntchito tasokoneza chithunzi, awauza abwerenso zala zikapola, komanso asasute fodya tsikulo, apo mpomwe pali nkhondo.