Alipo amene anafikako ku Collioure? Ndithandizeni maganizo

Abale anga, ndabwera ndi pempho. Mwezi wa September ndili ndi tchuthi cha masiku anayi, ndipo mtima wanga uli ku Collioure, katauni ka m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean kum'mwera kwa France, pafupi ndi malire a Spain. Ndimajambula zithunzi ndi penti ndikaweruka kuntchito, ndipo ndakhala ndikulakalaka kukaima pamene Henri Matisse ndi André Derain anajambulira mu 1905, pomwe anayamba kupaka mitundu yowala mopanda mantha, luso limene linadzatchedwa Fauvisme. M'taunimo anaika makope a zithunzi zawo pamalo omwe anazijambulira, ndiye ndikufuna kuyenda njira yonseyo pang'onopang'ono ndi kope langa m'manja.

Chikundivuta ndi pogona. Kodi ndigone ku Collioure komweko, kapena mumzinda wapafupi wa Perpignan n'kumakwera sitima m'mawa uliwonse? Ndalama zanga n'zochepa, koma sindikufuna kuphonya kuwala kwa m'mamawa pa tchalitchi cha Notre-Dame-des-Anges, chomwe nsanja yake inali nyali yotsogolera ngalawa.

Ndikupita ndi amayi anga, ndipo mawondo amawavuta. Timisewu takumtunda kuja angakwanitse?

Inunso a pasipoti ya Malawi amene muli kuno ku Britain, viza ya Schengen, yolowera ku France ndi mayiko ena a ku Ulaya, inakutengerani nthawi yaitali bwanji? Ndipo nsomba zawo zamchere zija, ma anchois, zikufanana ndi usipa wathu? Amayi afunsa kale kawiri.