Kodi ndalama za kafukufuku wa asilikali zimatipindulira ife anthu wamba?

Nabanda wa ku Santhe: Akuluakulu, ndimamva kuti intaneti ndi GPS, ija yolozera malo pa foni, zinachokera kwa asilikali. Ndiye dziko likathira ndalama zambiri ku kafukufuku wa zankhondo, chuma chimakwera? Kapena ndi nkhambakamwa chabe?

Aphiri a pa Boma: Mayi, musapite patali, tengani paketi ya LA, ija ya mapiritsi 24, anayi m'mawa anayi madzulo kwa masiku atatu. Gwero lake ndi nkhondo ya ku Vietnam, kumene malungo ankagwetsa asilikali ochuluka. China inakhazikitsa Project 523, kafukufuku wa asilikali wofuna mankhwala a malungo, mu 1967, ndipo ndi mmenemo gulu la Tu Youyou linatulutsa artemisinin, amene amapangira LA, m'chitsamba china. Mayiyu analandira Nobel mu 2015. Kuno LA tinayamba kumwa mu 2007, Fansidar atasiya kugwira. Werengani nokha, zaka 40 pakatipo. Phindu limabwera ndithu, koma mwa kamba.

Makaniko wa Chinkhoma: Aphiri anena zoona, koma chachikulu si nzeru za asilikali ayi, ndi thumba lawo. Chinthu chikangotulukiridwa chimadula, wogula palibe. Kumayambiriro kwa ma 1960, tizipangizo ta kompyuta totchedwa ma chip tinkagulidwa kwambiri ndi boma la America, toika m'mizinga ya Minuteman ndi m'zombo za Apollo. Maoda akuluakuluwo ndi amene anaphunzitsa mafakitale kupanga tambiri osaononga, mtengo n'kugwa, kenako a mawailesi ndi makompyuta n'kuyamba kugula. Pakanapanda mafakitale olandira lusolo, bwenzi zitathera kubalaki.

Gogo Mwale: Ana inu musaiwale mbali inayo. Asilikali amabisa. GPS ankaisokoneza dala kuti ya anthu wamba iziphonya ndi mamita ngati 100, mpaka Bill Clinton analamula kuti asiye mu May 2000. Ndi kuphonya kotero mukanayeza bwanji malire a munda wa fodya? Mukanadya wa aneba. Soviet Union inapereka akatswiri ake apamwamba ku zida, zonse n'kutsekera m'chinsinsi, m'masitolo muli mbee. Japan kwa zaka zambiri inkangopatsa chitetezo pafupifupi 1 peresenti ya chuma chake, mainjiniya n'kupita ku Toyota ndi Sony. South Africa inavutika zaka zambiri ndi helikopita ya Rooivalk, inapanga 12 zokha, osagulitsa kunja ngakhale imodzi.

Komanso tisiyanitse. Kugula mfuti kunja si kafukufuku. Ndi foreks yomwe ija timalimbirana pa fetereza ndi mafuta, ndipo luso limatsalira kwa wogulitsa.

Nabanda wa ku Santhe: Zikomo gogo. Nanga ma drone, tindege topanda woyendetsa mkati tija ta pabwalo la ndege la Kasungu?

Makaniko wa Chinkhoma: Amenewo anakulira kunkhondo, inde. Koma malo oyeserera a pa Kasungu anatsegulidwa mu 2017 ndi boma pamodzi ndi UNICEF, makilomita 40 kuzungulira bwalolo, poyesa kunyamula mankhwala ndi magazi okayeza komanso kujambula malo. Ndalama yake sinali ya asilikali.