Thandizeni: J-Link ikungolemba VTref=0.000V

Wongoyamba: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndalumikiza J-Link (kachipangizo kolowetsera pulogalamu mu chip ndi kufufuzira zolakwika) ku bodi yokhala ndi chip ya STM32 ndi mawaya atatu, SWDIO (wa data), SWCLK (wa clock) ndi GND (wa ground), koma pulogalamu yake ya pa laputopu, J-Link Commander, ikungolemba VTref=0.000V n'kukana kulumikizana. Bodiyi anakonza ndi mnzanga amene anasiya ntchito osatisiyira ngakhale kapepala, foni sayankhanso. Abwana akuifuna Lachisanu, ndipo amandiyang'ana ngati ndinamuthamangitsa ndine. Laputopu nayonso ikungotentha. Kodi chip yapsa?

Mkulu_wa_Mawaya: MAWAYA ANUWO NDI AATALI. Ndakhala ndikunena pagulu pano: fupikitsani mawaya, tsitsani liwiro la SWCLK. Ana a masiku ano simumva.

Kamagetsi: Achimwene, pini 1 ya J-Link, yomwe ndi VTref, mwaisiyiranji? VTref sipereka magetsi ayi, imangomva kuti bodi ikuyendera ma volt angati kuti J-Link ifananize mphamvu ya ma signal ake. Ikapanda kumva kanthu, siyankhula ndi chip. Pini 1 ilumikizeni ku VDD (polowera magetsi a chip), bodi ikhale yoyaka payokha. Kodi yanuyo ndi ya 3.3V kapena 1.8V?

Mkulu_wa_Mawaya: Pini 1 yachiyani? Kachipangizo kanga ka USB kalibe n'komwe VTref, koma sikanandikanepo. Musamusokoneze mwanayu.

Mayi_Solda: Bambo, tizipangizo totchipato timangotulutsa 3.3V basi, bodi ifune isafune. Kanga kanandiphera sensa ya 1.8V, ndipo wondigulitsayo ndalama anakana kubweza, mpaka lero ndikamuona mtima umawawa.

Mkulu_wa_Mawaya: Mayi, munalakwitsa ndinu polumikiza, kachipangizo kalibe mlandu.

Mayi_Solda: Munalipo?

Chiseko: Utsi ukatuluka ndiye kuti debug yatheka, vuto mwalionera ndi maso 😂

Wachangu: Ingolembani power on mu J-Link Commander mutenge magetsi pa pini 19 ya J-Link, nkhani yatha.

Kamagetsi: Iyayi, pini 19 imatulutsa 5V! Mukaiponya pa VDD ndiye chip ipsadi tsopano. Iyenera kudutsa kaye pa regulator yotsitsa ma volt. Komanso onetsetsani mbali ya pini 1 pa connector, ambiri amaitembenuza. Yezani ndi multimeter pakati pa VDD ndi GND, mutiuze ma volt.

Wongoyamba: Zikomo nonse. Mawaya ndadula, afupika ndithu, koma ikulembabe 0.000V.

Mkulu_wa_Mawaya: Simunafupikitse mokwanira. Dulaninso.