Usipa wasowa, khuleya ndinyambike chiyani?

Wa khuleya, Msaka: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi khuleya, chingwe chachitali chotchera m'madzi, wa mbedza 400, ndimatchera kampango ndi bombe kumadzi akuya. Nyambo yanga kuyambira kale ndi usipa wauwisi wogula kwa anyamata a ukonde wa chilimira. Koma ino ndi sabata yachiwiri mwera ukuwomba, mwezinso ukuwala usiku wonse, a siginala, okopa usipa ndi kuwala, akungotha nyali pachabe. Kausipa kotuluka pang'onoko amayi a geni akulandirana bwato lisanagunde mchenga, mtengo wake sindingaupirire. Mlamu wanga wa ku Johannesburg ananditumizira mapaketi atatu a nyambo ya m'sitolo, ufa wachikasu wonunkhira ngati nthochi. Dzulo ndinakanda, ndinanyambika mbedza 150. M'mawa kuvuula, mbedza zonse mbee, ngakhale nsomba imodzi. Kodi ndalakwitsa kakandidwe, kapena ndingopanga yanga?

Mlovi (msodzi) wakale, Johannesburg: Achimwene, simunalakwitse kukanda ayi. Ufawo ndikuudziwa, abwana anga amagula womwewo akamapita kukawedza ku mtsinje wa Vaal. Ndi wa nsomba yotchedwa carp. Nsomba imeneyo imadya ngati nkhumba, imafukula matope kufunafuna chimanga ndi zotsekemera. Ndiye ufawo anaupanga dala kuti uzisungunuka pang'onopang'ono, nsomba zibwere pafupi, munthu ali chiimire pagombe ndi ndodo yake, pakapita kanthawi n'kuponyanso wina. Inu mwausiya m'madzi usiku wonse. Pofika ola limodzi mbedza zanu zinali kale zamaliseche. Komanso carp m'nyanja yathu mulibe.

Wa khuleya, Msaka: Ndiye mlamu wangotaya ndalama zake. Anatumiza pa basi ndi mtima wonse.

Mlovi wakale, Johannesburg: Musawauze, angakhumudwe. Wotsalawo apatseni ana aziwedzera pagombe.

Wa mono, Kachulu: Kwathu kuno ku Chilwa nyambo sitigula. M'mono timaika madeya, ena amayamba awakazinga kuti fungo lipite patali. Pa mbedza za mlamba ndimadula sopo wa mtanda, uja wochapira, tizidutswa ngati chala chaching'ono. Mlamba umameza ndithu, ndipo sopo sachoka msanga pa mbedza. Yesani.

Mkulu wa boti, Nkhotakota: Achimwene a ku Kachulu, mlamba wa m'matope a Chilwa musaufanizire ndi kampango. Mlamba umadya chilichonse, ngakhale nsanza. Kampango ndi mlenje, amasaka usiku, chakudya chake ndi nsomba zinzake. Sopo mwina bombe angamukhudze, pakuti bombe ndi mlamba ndi pachibale, koma kampango amudutsa ngati sanamuone. Ine ndatchera mbedza zaka zoposa makumi awiri, kampango wogwidwa ndi nsima kapena sopo sindinamutulutsepo m'madzi.

Mwana wanga wa ku Msaka, vuto lako si kusowa nyambo sabata ino. Vuto lako ndi loti usipa ukachuluka susunga. Mdima ukabwera, usipa n'kutsika mtengo, gula ndowa ziwiri zoonjezera. Usautsuke ndi madzi ambiri, ungoutsanulira pa thandala madzi akhe. Kenako mu chidebe chobowola pansi yala mchere wa mibulu, usipa pamwamba, mchere, usipa, mpaka kudzaza. Pamwamba ika kathabwa ndi mwala, chidebecho chikhale pamthunzi. Madzi azituluka pansipo. Pakatha masiku awiri usipa umalimba ngati chikopa, mimba siphulika, ndipo pa mbedza umagwira kuposa wauwisi. Ponyambika lowetsa mbedza m'diso, itulukire pamsana. Ine umandifikitsa mdima wina.

Wa khuleya, Msaka: Zikomo bambo. Koma kampango sakana mcherewo? Ndimamva kuti amafuna wa magazi.

Mkulu wa boti, Nkhotakota: Wauwisi ndiye mfumu, zimenezo sinditsutsa. Wamchere umagwira pang'ono kuchepera apo. Koma mcherewo umasukuluka m'madzi, fungo la usipa limatsala. Ndipo taganiza: usipa wauwisi wogona padzuwa kuyambira m'mawa, pofika madzulo wafewa, theka umagwa pomwe ukuponya. Mbedza yopanda kanthu sigwira nsomba ngakhale nyambo yake inali yabwino chotani.

Mayi wa geni ya nsomba, Monkey Bay: Ndilowererepo, poti mwatitchula kuti tikulanda usipa. Ifenso tili ndi ana, bambo. Koma pa mathandala pathu pamatsala zinyenyeswa zambiri, mitu ndi usipa wophwanyika, timangogulitsa kwa oweta nkhuku. Malemu amuna anga ankatenga zimenezo, ine n'kuwasinjira mu mtondo mpaka ufa. Ankaphika ndi ufa wa kondowole, osati wa chimanga. Wa chimanga umamwazika m'madzi, wa chinangwa umanata ngati ulimbo. Muyezo wake: makapu awiri a ufa wa usipa, kapu imodzi ya kondowole, madzi pang'ono, kuvundula mpaka mthiko ukane kuyenda. Ikazizira ankaikandira pamodzi ndi thonje lomwazamwaza kuti mbedza ikhale ndi pogwira, n'kuumba timibulu ngati nzama. Bombe ankabwera nayo ndithu. Nyumba inkanunkha masiku atatu, ine ndiye ndinkavutika ndi mtondo, poti pambuyo pake sungasinjiremo nsinjiro.

Mnyamata wa injini, Senga Bay: Aise, bwanji osangogula tinsomba ta pulasitiki tija ta m'masitolo a ku Lilongwe? Kamodzi kamatha chaka, sikawola, sikafuna mchere. Alendo amene ndimawatenga pa boti amagwira nato ncheni bwinobwino.

Mlovi wakale, Johannesburg: Amagwira chifukwa boti likuyenda, kansombako kakuvina m'madzi. Ukakamangirira pa khuleya n'kukagoneka pansi, ndi pulasitiki basi. Kampango mumdima wa pansi paja amatsata fungo ndi ndevu zake. Ndipo werengera mtengo wa kamodzi, uchulukitse ka 400. Ugulitsa boti.

Mnyamata wa injini, Senga Bay: Kkkk chabwino, ndagonja. Koma pa ncheni ndiye musanditsutse.

Wa khuleya, Msaka: Mnzanga wina pano akuti ndingopita kumiyala ndi kaukonde ndikatenge mbuna, tinsomba ta m'miyala tija, kapena ndidule kasawala. Akuti kampango amazikonda kwambiri.

Wa komiti ya pagombe, Malembo: Pamenepo ndiye imani kaye, achimwene. Inu muli pakhomo pa paki. Malo a Lake Malawi National Park, madzi a mamita 100 kuchokera kumtunda saloledwa kuphamo nsomba, ndipo mbuna ndi zimene pakiyo inakhazikitsidwira mu 1980. Akakupezani, ukonde upita, mwina ndi bwato lomwe, chifukwa cha nyambo. Kasawala ndiye musatchule n'komwe, ndi chambo cha mawa chimenecho, ndipo a komiti ya kwanuko akulandani. Ngati mukufuna nyambo yodula, gulani utaka kapena ndunduma kwa a maukonde a matchera, mudule patatu. Zimalimba pa mbedza kuposa usipa.

Mkulu wa boti, Nkhotakota: Utaka wodula ndi wabwino, wanena zoona. Chinthu china chimene palibe watchula: nkhanu. Mwana wanga, unatchera pati? Ngati chingwe chinagona pamiyala, ngakhale unyambike nyama ya ng'ombe, nkhanu zimaliza usanafike kunyumba. Sendera pamchenga kapena pamatope, ndipo pakati pa mbedza 20 zilizonse mangapo kachoyandamitsa kakang'ono, chidutswa cha patapata chimakwana, kuti nyambo ikwere chikhatho chimodzi kuchoka pansi. Tchera dzuwa likulowa, osati masana, tinsomba tating'ono tisayambe kujompha.

Ndipo usakhulupirire mawu athu okha. Gawa khuleya wakoyo patatu, mangapo nsanza zosiyana mitundu, gawo lililonse nyambo yake. Uwerenge wekha.

Wa khuleya, Msaka: Ndabweranso akuluakulu, patha masiku asanu. Mwera unadukiza Lachitatu, ndinatchera mausiku awiri. Usipa woti ndithire mchere sindinaupeze, ndiye ndinagawa chonchi: mbedza 150 utaka wodula, 150 timibulu ta mayi a ku Monkey Bay, 100 sopo. Zidutswa za patapata ndinamanga, ana akundifunsabe kuti nsapato zawo zili kuti.

Pa utaka: kampango 7, bombe 2. Pa timibulu: bombe 5, kampango mmodzi wamng'ono, ndipo mbedza zambiri zinabwera timibulu tikadalipo, thonje lagwiradi ntchito. Pa sopo: bombe mmodzi, koma ndiye wamkulu kuposa onse, mpaka anandidula chala ndi chingwe.

Wa mono, Kachulu: Mwaonatu! Wamkulu kuposa onse.

Mkulu wa boti, Nkhotakota: Mmodzi pa mbedza 100, achimwene. Sopoyo akanachapira malaya.

Mayi wa geni ya nsomba, Monkey Bay: Kampango ameneyo musagulitse kwa wina, ndikubwera Loweruka ndi thumba la zinyenyeswa, tidzasinthane. Koma mtondo mupeze wanu.

Wa khuleya, Msaka: Bwerani mayi, ndakusungirani anayi, ndawawamba kale. Bambo a ku Nkhotakota, mdima ukuyamba sabata yamawa, chidebe ndabowola kale. Pa ndowa imodzi ya usipa mchere ndigule wochuluka bwanji?

Mkulu wa boti, Nkhotakota: Mbale zitatu za usipa, mbale imodzi ya mchere. Wa mibulu, osati wa patebulo. Ndipo chidebecho uchivundikire, amphaka a pagombe mchere sawaletsa.